Mpikisano wa mapositala a kafukufuku m'mayunivesite a mu Blantyre

Mpikisano wa mapositala ndi njira imene ophunzira a digiri yachiwiri ndi a PhD amaonetsera kafukufuku wawo pa pepala limodzi lalikulu, iwo n'kuima pambali pake kumayankha mafunso a oweruza ndi a aliyense wodutsa. Ntchito imene yadya chaka chimodzi kapena zaka zitatu, n'kudzaza buku la masamba ankhaninkhani, imayenera kukwana pa pepala lomwe nthawi zambiri limakhala la saizi ya A0, masentimita pafupifupi 84 mulifupi ndi 119 mulitali. Amene amapambana ndi yemwe wafotokoza momveka bwino chimene ankafuna kudziwa, momwe anachifufuzira ndi chimene anapeza.

Mu Blantyre, malo amene mwambowu umaoneka kwambiri ndi kufupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri amachitchula kuti Gulupu. Kumeneko kuli yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inayamba kuima payokha mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira kale kumeneko kwakhala kukuchitika msonkhano wa chaka ndi chaka wofalitsa zotsatira za kafukufuku, pomwe ena amayankhula pagulu, ena n'kupachika mapositala. Pafupi pomwepo pali bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe linayamba mu 1995 ndipo limaphunzitsa achinyamata ambiri a digiri yachiwiri ndi PhD. Kungodutsa Ginnery Corner kulowera ku Chichiri kuli yunivesite ya MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, kumene ophunzira amafufuza za zomangamanga, madzi, ukhondo, malonda ndi utolankhani.

Ulendo wa positala umayamba kalekale pepala lisanasindikizidwe. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amafunika chilolezo cha komiti yoona kuti ofunsidwa mafunso kapena otengedwa magazi avomera okha ndipo sakupwetekedwa. Ku College of Medicine komiti imeneyi yakhala ikudziwika ndi dzina loti COMREC. Wophunzira akamaliza ntchito yake amalemba chidule cha mawu mazana awiri kapena atatu n'kuchitumiza kwa okonza msonkhano. Iwowo ndi amene amagamula kuti uyu ayankhule pagulu, uyo abweretse positala.

Ophunzira ambiri akauzidwa kuti abweretse positala amagwa ulesi, poganiza kuti ntchito yawo yaonedwa ngati yotsalira. Maganizo amenewa ndi olakwika ndithu. Woyankhula pagulu amapatsidwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, amafunsidwa mafunso awiri, wapampando n'kuitana wina. Mwini positala amatha ola lathunthu akucheza ndi anthu mmodzimmodzi, ndipo pulofesa amene sakanakweza dzanja m'holo amaima naye, kumusonyeza pamene masamu ake akutsimphina, nthawi zina n'kumupatsa adiresi kuti adzapitirize nkhaniyo. Komanso magetsi akazima, purojekita imangoti zii, koma positala imakhalabe pakhoma.

Pamwamba pa pepala pamakhala mutu, mayina a onse amene anagwira ntchitoyo, kuphatikizapo mphunzitsi woyang'anira, ndi zizindikiro za yunivesite ndi za amene anapereka ndalama. M'munsimo mumatsatana mawu oyamba ofotokoza vuto, cholinga, njira imene inatsatidwa, zotsatira, ndi tanthauzo la zotsatirazo. Gawo la zotsatira ndilo liyenera kutenga malo ambiri, ndipo liyenera kuyankhula ndi magirafu, zithunzi ndi mapu m'malo mwa ndime zazitali. Mutu uzioneka munthu ali patali mamita angapo, pomwe mawu ena onse aziwerengeka popanda kuwerama kapena kutsinzinira diso.

Vuto lalikulu limene oweruza amakumana nalo ndi kuunjika. Wophunzira amene wavutika miyezi yambiri, kuyenda nyumba ndi nyumba ku Bangwe kapena ku Chilomoni, amamva chisoni kusiya kanthu kalikonse, ndiye amapanikiza buku lonse pa pepala limodzi ndi tizilembo tating'ono. Mapeto ake anthu amangoliyang'ana n'kudutsa. Mu 2019, Mike Morrison, yemwe panthawiyo anali wophunzira wa PhD ku Michigan State University, anatchuka ndi ganizo loti pakati pa positala pazilembedwa chiganizo chimodzi chokha cha zilembo zikuluzikulu, chonena chimene chapezeka, ndipo zina zonse zizikhala m'mbali. Si onse amene anagwirizana nazo, poti ena amati njirayi imabisa umboni, komabe inakumbutsa anthu kuti kafukufuku wabwino amatheka kunenedwa mwachidule.

Kafukufuku wina wotchuka wa mu Blantyre momwemuno akutsimikiza zimenezi. Mu 1989, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo anasindikiza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, yomwe lero dziko lonse limaitchula kuti Blantyre Coma Scale. Imayang'ana zinthu zitatu zokha: ngati maso a mwana akutsatira chinthu, momwe akulirira, ndi momwe thupi likuchitira akamva kuwawa. Malikisi onse amayambira pa 0 kulekezera pa 5, moti njira yonseyo imakwana pa kapepala kolowa m'thumba la malaya a namwino. Chitsanzo china ndi cha mankhwala a chloroquine, amene Malawi anasiya kugwiritsa ntchito mu 1993 chifukwa anali atasiya kupha tizilombo ta malungo. Kafukufuku wa ku Ndirande amene anasindikizidwa mu 2006 anapeza kuti patatha zaka 12 mankhwalawo anayambanso kugwira ntchito, n'kuchiritsa ana 99 mwa 100 alionse. Chimodzimodzi katemera wa taifodi, amene anayesedwa kuyambira mu 2018 pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa: anachepetsa matendawa ndi magawo oposa 80 pa 100, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Nkhani iliyonse mwa zitatuzi imatheka kuinena ndi mpweya umodzi, ngakhale kuti kumbuyo kwake kuli ntchito ya zaka. Wophunzira amene sangathe kutero ndi kafukufuku wake nthawi zambiri amakhala asanamumvetse yekha.

Kusindikiza kuli ndi mavuto ake. Ambiri amakonza positala pa kompyuta ndi PowerPoint, kenaka n'kupita nayo kwa osindikiza zikwangwani za masitolo, za maukwati ndi za misonkhano ya mipingo m'tauni kapena ku Limbe. Chithunzi chimene chimaoneka bwino pa foni chimatha kutuluka chachimbuuzi chikakulitsidwa, ndipo mitundu ina imasintha, moti girafu ya mizere yobiriwira ndi yabuluu imasanduka yofanana. Ochenjera amayamba asindikiza kope laling'ono pa pepala wamba kuti aone zolakwika, chifukwa dzina la mphunzitsi likalembedwa molakwika pa pepala lalikulu, ndalama zapita. Pepala limafunanso chubu chonyamulira, makamaka m'minibasi nthawi ya dzinja. N'chifukwa chake ena amasankha kusindikiza pa nsalu, yomwe imapindika n'kulowa m'chikwama.

Tsiku la mpikisano, positala iliyonse imapatsidwa nambala ndi malo ake pa bolodi. Oweruza, omwe amakhala awiri kapena atatu, amayenda ndi mapepala olembapo malikisi, ndipo wophunzira amapatsidwa mphindi zochepa kuti afotokoze. Kachitidwe kameneka kamafanana ndi mpikisano wina wotchedwa Three Minute Thesis, umene unayambira ku University of Queensland ku Australia mu 2008, pomwe wophunzira amafotokoza kafukufuku wake yense m'mphindi zitatu ndi chithunzi chimodzi chokha. Malikisi amaperekedwa pa kulimba kwa kafukufuku, kaonekedwe ka pepala, kafotokozedwe ndi kayankhidwe ka mafunso.

Mafunsowo ndiwo amasiyanitsa anthu. Oweruza amakonda kufunsa kuti anthu ofunsidwa anasankhidwa bwanji, n'chifukwa chiyani anali ochepa chonchi, ndiponso ngati zimene zapezeka ku Chilobwe zingakhale zoona ku Namiwawa, kumene madzi ndi nyumba n'zosiyana. Woloweza mawu pamtima amasokonekera akangodulidwa pakati. Amene anagwiradi ntchitoyo ndi manja ake amadziwa malire ake, ndipo akafunsidwa chimene sanafufuze amavomera kuti kafukufuku wake sanafike pamenepo, yankho lomwe oweruza abwino amalilemekeza kuposa kungopeka. Ngakhale kafukufuku amene wapeza kuti mankhwala kapena njira inayake sinathandize amatha kupambana, malinga ngati anachitika mwadongosolo.

Mpikisanowu uli ndi zofooka zake. Oweruza sangakhale akatswiri pa nkhani iliyonse, ndiye nthawi zina pepala lokongola limaposa kafukufuku wolimba. Wophunzira amene ali pansi pa pulojekiti ya ndalama zambiri amakhala ndi womuthandiza kujambula ndi kusindikiza, pomwe wodzilipirira yekha amayamba wawerengera za m'thumba. Kumene kuli mphoto yovoteredwa ndi anthu obwera kudzaona, kawirikawiri imapita kwa yemwe ali ndi anzake ambiri m'holomo. Palinso nkhani ya ulemu wa odwala: nkhope ya mwana wa m'wodi, dzina la munthu, kapena mapu osonyeza nyumba yeniyeni ya wodwala siziyenera kuoneka popanda chilolezo, ndipo oweruza amachotsa malikisi akaziona.

Opambana amalandira satifiketi, nthawi zina ndalama kapena thandizo lopitira ku msonkhano wa kunja, ndipo zimenezi zimalemera pofunsira maphunziro ena. Zidule za ku misonkhano ya College of Medicine zakhala zikusindikizidwanso m'magazini ya Malawi Medical Journal. Mapositala enieniwo amakathera m'makoma a m'makonde a madipatimenti, kumene ophunzira atsopano amaonerako kalembedwe.

Gawo limene mpikisano sulikwanitsa ndi la eni ake a mayankho. Mapositala amalembedwa m'Chingerezi ndipo amaonetsedwa m'maholo momwe mayi wa ku Ndirande, amene analola kuti mwana wake abayidwe katemera woyeserera, salowamo. Mabungwe ena amatseka mpata umenewu ndi njira zina. A Malawi-Liverpool-Wellcome, mwachitsanzo, ali ndi magulu a alangizi ochokera m'madera momwe akuchitira kafukufuku, ndipo anayambitsa pulogalamu ya pawailesi ya Umoyo N'kukambirana, momwe ofufuza amafotokoza ntchito yawo m'Chichewa ndi kuyankha mafunso a omvera.