Amene tinkawathawa m'minibasi

Covid-19 itangopezeka m'Malawi pa 2 Epulo 2020, yunifolomu ya namwino inayamba kuopsa anthu. Ku Blantyre makondakitala ena ankakana kukweza anamwino, ndipo eni nyumba ena anauza ogwira ntchito kuchipatala kuti asamuke. Maganizo anali akuti munthu wogwira odwala ndiye akubweretsa matenda m'dera.

Kuti ntchito yawo inali yoopsa, n'zoona. Bungwe la WHO linayerekeza kuti pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021 mliriwu unapha azaumoyo apakati pa 80,000 ndi 180,000 padziko lonse. Ku Blantyre komweko, ofufuza atayeza magazi a azaumoyo 500 mu Meyi ndi Juni 2020, anapeza kuti pafupifupi 12 pa 100 alionse kachilomboka kanali katawalowa kale, eni ake osamva kudwala. Koma taganizani bwino: ngati kachilombo kamayenda mwa anthu ooneka athanzi chonchi, ndiye kuti wogulitsa tomato amene munapanikizana naye pampando ankathanso kukhala nako. Kumutsitsa namwino, yemwe mwina ndiye yekha anavala masiki m'minibasi monsemo, sikunateteze munthu.

Ambiri ankakhulupiriranso kuti malo oopsetsetsa ndi wodi ya odwala mwakayakaya, kumene madokotala amavala zophimba thupi lonse. Apa ndi pamene zoona zimadabwitsa. Kafukufuku wa pa zipatala za ku Birmingham, ku England, anapeza kuti mwa ogwira ntchito yosesa ndi kukolopa, oposa 34 pa 100 anali atatenga kachilomboka, pomwe mwa a ku wodi ya odwala mwakayakaya anali osakwana 15 pa 100. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Wolowa m'wodi imeneyo amadziwa chimene akukakumana nacho, amavala mokwanira, ndipo zipangizo zabwino zimayambira kwa iye. Wokolopa, wokankha odwala, mlembi wa pawindo ndi namwino wolandira odwala ongofika kumene amakumana ndi munthu wotsokomola amene sanayezedwe. Onjezani kachipinda kopumira, kopanda mpweya wokwanira, komwe aliyense amavula masiki kuti amwe tiyi. Ineyo ndimaona kuti pogawa masiki ndi magolovesi tinkayang'ana udindo wa munthu, pomwe kachilombo kankatsata mpweya basi.

Nanga zoti achipatala ankalemera ndi mliri? Mphekesera imeneyi inakula mu 2021, mpaka m'madera ena anthu anagenda maambulansi pokana kuti m'bale wawo wamwalira ndi Covid-19, ati achipatala akungofuna ndalama. Ndalama ya ukadziotche inalipodi, koma inakwezedwa azaumoyo atachita kunyanyala ntchito mu Epulo 2020, kuphatikizapo a pa chipatala cha Queen Elizabeth, podandaula za kusowa kwa zovala zodzitetezera. Isanakwezedwe inali K1,800 pamwezi. Ndipo matendawo sanali opeka: pa 12 Januwale 2021 anapha nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, tsiku limodzi.

Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi 2021, azaumoyo anali m'gulu loyamba kubayidwa. Ena mwa iwo anazengereza, poti mauthenga a pa WhatsApp oopseza za katemerayu ankafikanso m'mafoni awo, ndipo odwala ankawafunsa kuti, "Kodi a nesi, inuyo mwabayitsa?"