Mahomoni ochuluka sindiwo mphamvu zochuluka

Pamapolo a magetsi ku Sunnyside ndi ku Marabastad, muno mu Pretoria, sipasowa timapepala totsatsa mankhwala a mphamvu za abambo ndi a kubereka, ndipo pa Facebook ogulitsa amalonjeza "kuwonjezera mahomoni". Monga munthu wofufuza mmene maselo a m'thupi amalandirira mauthenga, bodza limeneli landitopetsa. Thupi silimvera kuchuluka kwa homoni kokha. Limamveranso nthawi imene homoniyo yafika ndi nthawi imene yasiya.

Mahomoni ambiri, monga adrenaline, salowa n'komwe m'selo. Amaima pakhomo ngati mlendo wonena kuti "odi", ndipo amene amamva ndi receptor, puloteni yokhala pakhungu la selo. Receptor ikamva imasintha kaimidwe kake n'kudzutsa puloteni ya G imene ili m'kati. Iyo imataya kanthu kotchedwa GDP, n'kutenga GTP, kenako imayambitsa kupangidwa kwa amithenga a m'kati monga cAMP. Chofunika kwambiri n'chakuti puloteni ya G imadzizimitsa yokha posandutsa GTP kukhalanso GDP. Alfred Gilman ndi Martin Rodbell analandira mphoto ya Nobel mu 1994 chifukwa chotulukira mapuloteni amenewa. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 800 ya ma receptor otere, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala a kuchipatala limagwira ntchito kudzera mwa iwo, kuphatikizapo salbutamol wa odwala mphumu.

Nanga chozimitsiracho chikawonongeka? Anthu a ku Hammanskraal, pafupi ndi Pretoria, anaziona kolera itabuka mu 2023, ndipo ku Malawi kolera inapha anthu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023. Poizoni wa kolera amatsekereza puloteni ya G ya m'matumbo kuti isazime. Choncho cAMP imachuluka, maselo amataya mchere, madzi amatsatira, munthu n'kuuma m'maola ochepa. Pa nkhani ya kubereka phunziro ndi lomwelo. Ubongo umatulutsa homoni ya GnRH pang'onopang'ono, modukizadukiza, pafupifupi ola lililonse kapena maola awiri. Mu 1978 Ernst Knobil ndi anzake anasonyeza pa anyani kuti ikaperekedwa mosalekeza, thupi limasiya kumva ndipo mahomoni obereketsa amatsika. N'chifukwa chake jakisoni wa goserelin, wofanana ndi GnRH, amaperekedwa kwa odwala khansa ya prostate pofuna kutsitsa testosterone. Robert Millar, amene watsogolera kafukufuku wa mahomoni ku University of Pretoria, wathera zaka zambiri pa receptor ya GnRH.

Wina anena kuti wodwala shuga amabayidwa insulin n'kupeza bwino, ndiye kuwonjezera kulakwa pati? Zoona, homoni ikhoza kuchepa ndithu, ndipo si mahomoni onse amene amadzera pa puloteni ya G: insulin ili ndi receptor yamtundu wina, pamene testosterone imalowa m'selo mwenimweni. Koma insulin imaperekedwa magazi atayezedwa, pa mlingo ndi nthawi yake, ndipo ikapyola imakomola munthu. Komanso anthu ena mahomoni ali nawo okwanira, vuto lili pa receptor yomwe sinapangike bwino, ndipo botolo la pamsewu silingakonze zimenezo.

Sindingayeze munthu kudzera m'nyuzipepala, ndipo matupi amasiyana. Komabe ngati chaka chatha banja likufuna mwana osam'peza, pitani nonse awiri kukiliniki, bambo ndi mayi, mukayezedwe. Musamwe mankhwala a mahomoni amene dokotala sanakulembereni, ndipo amene anakulemberani musawasiye musanam'funse.