Asanakumbe maziko: anthu amene amajambula nyumba zathu

Puloti ikagulidwa, njerwa zikapsa, mabanja ambiri amathamangira kwa mmisiri. Iye amafika ndi tepi, chingwe ndi zikhomo, n'kufunsa funso limodzi: zipinda zingati? Akamuyankha kuti zitatu, chachikulucho chikhale selefu, amatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Apa pabalaza, apa khitchini, kolido idutse pakatipa. Bambo amavomera ndi mutu. Mayi, amene adzatandale m'nyumbamo kuposa wina aliyense, nthawi imeneyo ali kumjigo kotungira aganyu madzi. Pulani yatha basi, ndipo mvula ikagwa usiku womwewo imafufutika.

Nyumba zochuluka m'Malawi muno zinabadwa chonchi. Koma kujambula nyumba ndi ntchito payokha, ndipo oigwira ali m'magulu angapo amene sayang'anana ndi diso labwino nthawi zonse.

Pamwamba pali akatswiri amene anaphunzira ntchitoyi zaka zingapo kuyunivesite. Ambiri anadzera ku Polytechnic ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, sukulu imene mu 2021 inaima payokha n'kuyamba kutchedwa MUBAS. Digiri yokha siikwanira. Kuti munthu atchedwe katswiri wovomerezeka ayenera kulembetsa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo ambiri ali m'bungwe lawo la Malawi Institute of Architects. Anthuwa ndi ochepa, maofesi awo ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo ntchito zimene zimawadyetsa ndi zamabanki, zamasukulu ndi zamahotela. Mphunzitsi wapulayimale amene wasunga ndalama zaka khumi kawirikawiri sagogoda pakhomo pawo.

Amene amagogodedwa ndi ojambula apakatikati: achinyamata a dipuloma ya zomangamanga, ena anaphunzira pothandiza mu ofesi ya katswiri. Chuma chawo chonse ndi laputopu yokhala ndi AutoCAD kapena ArchiCAD. Amakumana ndi kasitomala pa lesitilanti, chojambula amatumiza pa WhatsApp, malipiro amalandira pa foni. Ena mwa makasitomala awo ali ku Joni. Munthu wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene akugwira ntchito ku Johannesburg amajambula nyumba ya abwana ake, n'kutumiza chithunzicho kumudzi kuti ndikufuna ngati iyi. Wojambula ndiye avutike kuyika nyumba ya ku Sandton pa puloti yopanda mpopi.

Ndiye pali amisiri omanga, ena a satifiketi ya TEVETA ochokera ku Soche, Namitete kapena Nasawa, ena ophunzira pokanda matope kumbuyo kwa amalume awo. Iwowa pulani ili m'mutu. Amadziwa kuti malata amagulidwa pa mafiti, kotero amayeza nyumba kuti lata lisadulidwe n'kutayika. Nzeru imeneyi si yoinyoza. Vuto lawo n'lakuti amabwereza nyumba imene anamanga chaka chatha, ngakhale banja lake ndi lina.

Wojambula wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso, ndipo ena mwa mafunsowo amachititsa manyazi. Muli ndi ana angati, anyamata angati, atsikana angati? Kalembera wa 2018 anapeza kuti pakhomo pamakhala anthu anayi kapena asanu, koma aliyense akudziwa kuti nyumba ya m'tauni ndi depoti ya abale: mphwake wodzafuna sukulu, mlamu wodzasaka ntchito, gogo wodzaonana ndi dokotala kuchipatala chachikulu. Kumudzi nkhaniyi inali yosavuta. Anyamata akasinkhuka amapita kumphala kapena kugowelo, atsikana kukuka kwa agogo, khitchini payokha, chimbudzi kuseri. Pulani ya masiku ano imaunjika bwalo lonselo pansi pa denga limodzi, pomwe ulemu wake sunasinthe. Mkamwini safuna kukumana ndi apongozi m'kolido atamanga thaulo. Chitseko cha chimbudzi chikayang'ana pabalaza, mlendo amapirira mpaka abwerere kwawo. Chipinda cha makolo chikagundana khoma ndi cha ana akuluakulu, pamafunika bafa kapena wadilobu pakati.

Nkhondo yaikulu imakhala pa khitchini. Pachithunzi cha pa intaneti khitchini ndi pabalaza zimalumikizana popanda khoma, mbaula yamagetsi ikunyezimira. Koma mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ngakhale a magetsi amasunga mbaula ya makala podikira tsiku limene a ESCOM azimitsa. Nyemba za maola atatu, usipa wokazinga, nsima ya anthu khumi: zonsezi zimaphikidwa panja. N'chifukwa chake wojambula wanzeru amasamala khonde lakuseri kuposa lakumaso. Amalipatsa denga, malo otsukira mbale, ndi khomo lolowera kukhitchini molunjika, pafupi ndi sitolo yokwana matumba a chimanga cha chaka chonse. Nyumba zambiri zokongola zili ndi kakhitchini ka malata akutha kumbuyo, kamene kanamangidwa patatha mwezi umodzi mayi atalowa. Kameneko ndiko kamasonyeza kuti pojambula sanafunsidwe.

Pali funso lina limene salinena mokweza. Pakagwa zovuta, mipando imatulutsidwa, amayi amadzaza pabalaza, ndipo bokosi liyenera kulowa ndi kutuluka bwinobwino. Amisiri akale amakulitsa khomo lakumaso n'kupewa kolido yokhota mwadzidzidzi, osafotokoza chifukwa.

Kenako wojambula amayang'ana kumwamba. Popeza Malawi ali kumwera kwa ikweta, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadzera chakumpoto, choncho mawindo oyang'ana kumeneko amafunditsa nyumba. Windo lalikulu loyang'ana kumadzulo limasandutsa chipinda ng'anjo mu Okutobala. Ku Blantyre ndi ku Thyolo chiperoni amachokera kumwera chakummawa, kunyanja mwera amachokeranso chakumwera, ndipo khonde loika mbali yolakwika palibe amene amakhalapo. Amayang'ananso pansi: madzi amvula amalowera kuti, sepitiki ikhale pati kuti isayandikire chitsime, galimoto ikalowa pageti itembenukira pati.

Zonsezi zikagwirizana, chojambula chimatuluka pa sikelo ya 1:100, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi. Khoma lakunja la njerwa limakhala la mamilimita 230, limene amisiri amati nayini inchi, lam'kati theka lake. Kabedi kakang'ono kojambulidwa m'chipinda si kokongoletsa ayi. Kamaonetsa ngati chitseko chidzatseguke bedi lenileni likalowa. Kufufuta khoma pakompyuta n'kwa mphindi imodzi, pomwe kugumula lomangidwa kale kumadya matumba a simenti.

Pepalalo liyenera kupita kukhonsolo kuti likadindidwe. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya kamangidwe, osati mizinda yokha monga kale. Zimene zimachitika ku Mtandire, ku Ndirande kapena ku Mchengautuwa ndi nkhani ina. Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chinagwetsa nyumba zambiri za makoma opyapyala, ndipo pambuyo pake boma linatulutsa malangizo a kamangidwe kolimba. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba za m'munsi mwa phiri la Soche ku Chilobwe. Pamalo ngati amenewo, uphungu woyamba wa wojambula woona mtima ukanakhala woti pano pasamangidwe, koma uphungu wotere sulipiritsa.

Ngakhale pulani yodindidwa imakumana ndi thumba. Nyumba ya Mmalawi imamangidwa pang'onopang'ono: chaka chino maziko, chamawa mpaka pawindo, fodya akagulidwa bwino malata. Ojambula ena tsopano amaigawiratu, kuti banja lilowe m'zipinda ziwiri zofoleredwa kwinako kukudikira. Ena amasiya lintala pakhoma, pomwe padzabooledwe khomo la chipinda chachinayi.

Akabwerera patatha zaka zitatu, wojambula amapeza zimene sanajambule. Galaja yasanduka okala ya shuga ndi sopo. Chipinda cha alendo muli alendi. Chimbudzi cham'nyumba chakhomedwa chifukwa mpopi ndi wouma, ndipo kuseri kwakumbidwa china. Pakhoma pomwe anasiya lintala pakadali njerwa, ndipo kunja kwake mayi adzalapo mpiru.