Kodi mumadziwa?

Donald Kachamba wa m'mudzi wa Singano ku Chileka ankapeka yekha nyimbo, n'kumaziimba ndi chitoliro, gitala ngakhalenso besi ya chingwe chimodzi. Nyimbo za kwela anazidziwa ali mwana ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, pamodzi ndi mkulu wake Daniel.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza anyamatawa akuimba mu Blantyre. Chodabwitsa n'chakuti mzunguyo anadzakhala woimba m'gulu la Donald, n'kumayenda naye m'mayiko ambiri.

Mu 1999 Donald anakaphunzitsa nyimbo pa yunivesite ya UCLA ku America. Anamwalira mu 2001, koma achinyamata ambiri kuno kwathu sadziwa n'komwe dzina lake.