Mchere wa m'munda suchokera m'thumba la feteleza

Nyengo ya madimba ikafika, ku Mzilawaingwe mumzinda wa Mzuzu kumamveka dandaulo lomwe lija: mbewu zapserera, masamba achita chikasu, ndiye kuti feteleza wathira mchere m'nthaka. Chikwerereni mtengo wa buledi ndi feteleza mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, anthu ambiri akukamba zolima tirigu konkuno, ndipo mphekesera ija yakula limodzi ndi nkhaniyo. Ena amafika polumbira kuti munda ukangolawa yureya, basi watha.

Izi n'zabodza, ndipo zikusocheretsa alimi. Ku Mzuzu kumagwa mvula yambiri, yomwe imatsuka mchere n'kuulowetsa pansi. Vuto la nthaka yofiira ya kuno ndi asidi. Kuthira feteleza wa nayitirojeni chaka ndi chaka popanda manyowa kumawonjezera asidiyo, ndipo feteleza woikidwa mogundana ndi mbewu amaiwotcha. Zimenezi n'zoona, koma si mchere umene umapha minda. Nthaka yamchere yeniyeni ili kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso mozungulira nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Kumeneko anthu ankatcheza mchere kuchokera m'dothi makolo athu asanamve n'komwe za feteleza.

Mchere umakwera ndi madzi kuchokera pansi. Madzi apansi panthaka akayandikira pamwamba, dzuwa limawakoka kudzera m'timipata ta dothi. Madziwo amauma, mchere n'kutsala, ndipo chaka chilichonse umawonjezekera mpaka munda utayera mbuu. Chomwe chimachitikira muzu ndi chomwe mayi aliyense amachiona akawaza mchere pa tomato wodula: madzi amatuluka okha. Muzu umamwa madzi chifukwa mkati mwake muli timichere tambiri kuposa kunja. Kunja kukachuluka mchere, muzu umalephera kukoka madziwo, mwinanso umataya omwe unali nawo. Mbewu imafota ndi ludzu ili pachinyezi. Mlimi akaona kufotako amathiriranso, madzi apansi amakwera, mchere nawo umakwera. Sodiyamu wa mumcherewo akachuluka amaphwanyanso timibulu ta dothi, nthaka imamatana, ndipo madzi amangoima pamwamba.

Apa ndi pomwe mitengo imagwira ntchito yomwe thumba la feteleza silingagwire. Mizu yake imapita kutali n'kumamwa madzi apansi, choncho madziwo safika pamwamba ndi mchere wawo. Dziko la Australia linaphunzira izi mowawa. Kumadzulo kwa dzikolo alimi anagwetsa nkhalango kuti adzale tirigu, yemwe mizu yake ndi yaifupi. Patapita zaka madzi apansi anakwera, minda yambirimbiri inayera mchere, ndipo lero akudzalanso mitengo. Njira ina ndi ya mbewu zopirira mchere: ku India, boma linakhazikitsa malo ofufuzira za nthaka yamchere ku Karnal mu 1969, ndipo kumeneko kwatuluka mbewu za tirigu zopirira mchere monga KRL 210.

Tirigu payekha amapirira mchere kuposa chimanga, ndipo nyemba ndiye sizichedwa n'komwe kugonja. Koma akangomera amakhala wosalimba, n'chifukwa chake kumukhuthulira feteleza yense podzala n'kumupweteka. Yureya womwazidwa pamwamba pa nthaka yamchere, makamaka kukatentha, amasanduka mpweya n'kuuluka, ndalama n'kupita pachabe. Mlimi akakolola zochepa amati feteleza wa masiku ano ndi wachinyengo, pomwe chakudyacho sichinafike ku mizu.

Mitengo yothandiza tili nayo kale. Nsangu umayoyola masamba mvula ikayamba, ndipo masambawo amawolerana n'kukhala manyowa. Ku Ethiopia, kafukufuku anaonetsa kuti tirigu wolimidwa pansi pa nsangu amatetezeka ku kutentha ndipo amabereka bwino. Ku Makoka m'boma la Zomba, akatswiri a bungwe la ICRAF anaonetsa kuti masamba a gliricidia okwiriridwa m'mizere amakweza zokolola za chimanga, makamaka akaphatikizidwa ndi feteleza pang'ono. Tirigu wathu wa ku Tsangano ndi Neno angapindule ndi nzeru yomweyi. Chofunika kukumbukira n'chakuti nsangu umakhala ndi masamba m'chilimwe, nthawi yomwe tirigu wothirira ali m'munda, choncho mitengo yothithikana imafunika kusadzira.

Nkhani ya mchereyi ikukula tsopano pomwe ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsikira kuchigwa cha Shire. Kuthirira malo otentha ngati amenewo popanda ngalande zotulutsira madzi ndiko kumaitana mchere, kaya mlimi athire feteleza kaya asathire.

Kwa a ku Mzilawaingwe, musanataye feteleza kapena kusiya dimba, funsani mlangizi wa zaulimi kapena akatswiri a pa Lunyangwa Research Station za kuyezetsa dothi. Thirani feteleza kawiri, wokulitsa ndi wobereketsa, mumukwirire, ndipo musaiwale manyowa. Dimba lodwala asidi limafuna laimu, lodwala sodiyamu limafuna jipisamu ndi ngalande, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi maso n'kovuta.