BOOTMGR is missing

"BOOTMGR is missing" ndi uthenga umene kompyuta imaonetsa poyaka ikalephera kupeza fayilo yoyambitsira Windows. Fayiloyi inabwera ndi Windows Vista, m'malo mwa NTLDR ya Windows XP.

Zoyambitsa

Vutoli limachitika kompyuta ikayesa kuyakira pa fulashi yoiwalidwa, kapena fayiloyo ikawonongeka chifukwa cha kuthima kwa magetsi mwadzidzidzi kapena kutha kwa hard disk.

Kakonzedwe

Wokonza amayamba wazula fulashi n'kuona mu BIOS ngati hard disk ili poyambirira. Zikakanika, amayatsa kompyutayo ndi DVD kapena fulashi ya Windows n'kusankha Startup Repair, kapena kulemba lamulo la bootrec /rebuildbcd. Si bwino kuthamangira kufufuta disiki yonse, chifukwa kawirikawiri zikalata ndi zithunzi za mwiniwake zimakhala zilipobe.