Ndere Yokhala M'kabokosi ka Galasi

Amene munaterereka kale pamwala kudooko, kapena kugwira kunsi kwa bwato logonera m'madzi, mukuidziwa ndere ija ya bulawuni yoterera ngati therere. Ambirife timangoti ndi matope basi. Koma mutaipala pang'ono n'kuiika pa maikulosikopu, mungapezemo tizamoyo ta selo imodzi totchedwa madayatomu. Amadzipangira okha chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga zomera, ndipo ndi chimodzi mwa zakudya za makakana amene timadyera nsima.

Chodabwitsa ndi nyumba yake. Dayatomu iliyonse imakhala m'chigoba cha silika, chinthu chomwe chija chili mumchenga ndi m'galasi. Chigobacho chili ndi zibenthu ziwiri, china chovindikira chinzake, ndendende kachitini ka polishi wa nsapato. Kukula kwake? Gawani milimita imodzi ya pa rula yanu ka 1,000. Kagawo kamodziko ndi maikulomita, ndipo madayatomu ambiri amayambira pa 2 kulekeza pa 200.

Galasi silitambasuka, ndiye pamakhala kavuto pochulukana. Selo ikagawika pawiri, mwana aliyense amatenga chibenthu chimodzi n'kuchiyesa chivindikiro, kenako amapanga chatsopano chokwana mkati mwake. Ndiye kuti amene watenga chibenthu cham'munsi amakhala wocheperako. Mibadwo ikamapita ena amangonka nachepa, mpaka amasiya kugawikako n'kuberekana pophatikiza maselo awiri, apo m'pamene msinkhu umabwerera. N'chifukwa chake kukula pakokha sikungakuuzeni mtundu wa dayatomu.

Nanga akatswiri amayang'ana chiyani? Choyamba maonekedwe. Ozungulira ngati lichero amatchedwa centric. Chitsanzo ndi Coscinodiscus wa m'nyanja zamchere monga ya Indian, kumene madzi a Shire amakathera akadutsa mu Zambezi. Timabowo ta pachigoba chake timaoneka ngati chisa cha njuchi. Aataliatali ngati bwato amatchedwa pennate, ndipo ambiri mwa amenewa ali ndi mng'alu pakati wotchedwa raphe, umene umawathandiza kukwawa pamwala. Akatero amawerenga mizere ya timabowo pa maikulomita 10 alionse, n'kuonanso timinga ta m'mphepete. Ntchito yake ndi yofuna kudekha, si ya ife othawa masamu ayi.

Dziko lathu lilinso m'mabuku amenewa. Mu 1904 Mjeremani wina, Otto Müller, anafotokoza dayatomu ya m'nyanja ya Malawi n'kuitcha Melosira nyassensis. Mu 1979 katswiri wina, Simonsen, anaisamutsira ku gulu la Aulacoseira, la madayatomu okhala ngati timigolo, olumikizana ndi timinga n'kupanga kaulusi. Dzina loyamba linasintha, lachiwiri lija lokumbutsa Nyasa linatsala. A Fomu 3, mukamaloweza genus ndi species pa Biology, nkhani yake ndi imeneyi.

Mwina wina akuti, zonsezi zikutikhudza bwanji kuno ku Chikwawa ndi Nsanje? Dayatomu ikafa, zofewa zimaola koma galasi lija siliola msanga. Limamira n'kusanjikizana m'matope a pansi pa nyanja chaka ndi chaka. Mitundu ina imayandama pa madzi akuya, ina imakonda posaya pamene dzuwa limafika pansi, ina imapirira madzi amchere. Choncho wodziwa kutchula mtundu molondola angathe kuuza mmene madzi analili pa nthawi imene tizigobato tinkamira.

Mu 2005 asayansi anabowola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akalekale. Tizigoba timeneti, pamodzi ndi zizindikiro zina, tinaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi n'kutsika ndi mamita oposa 500. Tangoganizani! Pamene Shire amatulukira ku Mangochi ndi posaya, moti nyanja ikatsika ndi mamita ochepa chabe mtsinjewu umaduka. Zinachitikadi posachedwapa: kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inasiya kuthira madzi mu Shire, ndipo kumunsi kuno ankangodalira mitsinje ngati Ruo ndi Mwanza. Ife tinazolowera kuopa madzi osefukira, makamaka chichitikireni Freddy mu 2023, koma madimba athu, nzimbe za ku Nchalo, nsomba za ku Elephant Marsh ndi magetsi a ku Kapichira, zonsezi zikudalira kuti nyanja ija isatsike kupitirira pakamwa pa Shire.